Mabowo Awiri

"Mabawuti onse akulowa bwinobwino. Mukufunanso chiyani?"

"Sindikunena za mabawuti ine. Ndikunena njira za madzi."

Mzime anaima pakati pa okanganawo atanyamula gasiketi yatsopano ya injini ndi manja awiri ngati mbale ya mlendo. Mbali iyi kunali achimwene ake, amene anthu ankawatcha Injiniya chibwerereni ku koleji. Mbali inayo, pa tayala lakutha, kunali bambo ake, amene anachita khungu zaka zisanu zapitazo.

Lole yomwe ankaikanganirayo inali ya asilikali. Bambo anaiyendetsa zaka makumi awiri ali pa ntchito, ndipo atapuma anaigula pa okushoni. Tsopano nkhuku zinkaikira mazira pansi pa mpando wake. Mayi anali atagamula kale kuti ikapanda kuyenda mwezi umenewo, ogula zitsulo adzaitenge.

"Nambala ya pa buloko ya injini ndi iyi," anatero Injiniya, akugogoda buku lake. "Ya m'buku ndi yomweyi, ya pa gasiketi ndi yomweyinso. Zonse zitatu zikunama?"

"Buloko ndi yake, koma hedi yokhala pamwambayi si yake," anayankha bambo. "Yake inang'aluka tili kutchire, tinachotsa iyi pa lole ina yatsopanoko. Buku lakolo kunalibe tsiku limenelo."

Anapempha kuti awayandikizire hediyo. Anayendetsa zala pamimba pake, akuwerenga timabowo todutsa madzi oziziritsa injini.

"Khumi ndi anayi. Mzime, mwanawe, werenga a pa gasiketipo."

Mzime anawerenga. Khumi ndi awiri. Anabwereza, koma mabowo sanaswane. Atadzutsa maso anapeza achimwene ake akumuyang'ana, chala chili pamlomo. Iye ankadziwa kuti achimwenewo anayenda masiku atatu kuisaka gasiketiyo, ndipo inali yotsala yokha m'sitolo. Ankadziwanso kuti anthu awiriwa akayambana, nyumba imakhala zii sabata yathunthu.

"Khumi ndi anayi, bambo."

Bambo anaseka. "Ndiye kuti ndakalamba ndi mutu womwe. Mangani, a Injiniya."

Loweruka m'mawa injini inatsokomola kawiri, n'kulira. Nkhuku zinabalalika. Mayi anatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Ana aja anawakweza bambo kutsogolo, ndipo iwo anaika chikhatho pa dashibodi ngati akusisita mwana wodwala amene wadzuka.

"Mwaimva?" ankangotero. "Mawu ake ndi omwe aja!"

Anayenda bwino mpaka pa chitunda cha kuseri kwa msika. Woyamba kuzindikira anali wosaonayo.

"Zimitsa! Ikununkha kupsa!"

Injiniya anayang'ana geji ya kutentha kwa injini. "Muvi uli pakati, bambo."

"Muviwo uli kutsogolo. Kukupsa n'kumbuyo!"

Asanafike pamwamba, utsi woyera unatuluka, injini n'kuzima yokha. Oyilo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka. Atamasula anapeza hedi itang'aluka kumbuyo, pamene gasiketi inatseka mabowo awiri madzi n'kulephera kudutsa. Injiniya anazungulira magalaja onse, koma hedi ya mtundu umenewo anthu ankangoikumbukira.

Ogula zitsulo anabwera Lachinayi ndi moto wawo wodulira. Mzime anabisala kukhitchini kuti asamve, koma phokosolo linamupeza konko. Atatuluka, pabwalo panali bata ndi banga lakuda la oyilo. Injiniya anali tsonga pakhonde, buku lili chafufumimba pambali pake.

Bambo anali pa tayala lawo lija. Anali atapempha chinthu chimodzi chokha kuti chitsale: gasiketi yopserera ija. Inali pamiyendo pawo, ndipo zala zawo zinkayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwake, milomo ikugwedera. Zitafika kumapeto zinabwerera poyambira. Kachiwirinso zinaima pamalo omwewo.

Sanakweze mawu.

"Mzime, mabowo aja analipo angati?"