Zipsera za Kakowa

Nola anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Nola ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi ake azikhala pansi pano.

Amayi a Nola ankayendetsa chombo cha mumlengalenga. Dzina la chombocho linali Kakowa. Kakowa anali ndi mapiko. Ankakwera kupitirira mitambo. Ankakhala kumeneko masiku ambiri. Kenako ankabwerera n'kutera ngati ndege.

Kwathu kuno ku Florida, tonse tinkamukonda Kakowa. Kakowa pa malaya. Kakowa pa makapu. Kakowa pa khoma la sukulu. Wometa tsitsi nayenso anamujambula pachitseko. Kungoti wake ankaoneka ngati bakha.

Kakowa akamabwerera, kumwamba kunkagunda kawiri. Mawindo ankanjenjemera. Agalu ankauwa. Ife tinkatuluka panja. Tinkati, "Wabwera."

Tonse tinkamukonda, kupatula Nola. Nola sankatchula n'komwe dzina lake. Ankangoti "chinthu chija."

Musamuweruze msanga mwanayu. Ulendo ukayandikira, amayi ake ankachoka panyumba. Ankakakhala kwaokha ndi anzawo a paulendo. Ana sankaloledwa kuwakhudza. Madokotala ankati ana amayenda ndi chimfine. Ndipo sankanama.

Tsiku lotsanzikana, mabanja ankapita pa ngalande. Amayi tsidya ilo. Nola tsidya lino. Ngalande pakati. Amayi ankakweza dzanja. Nola ankakweza dzanja. Kukumbatirana ayi.

Zimenezi zinachitika katatu. Ulendo woyamba, Nola anali khanda. Ulendo wachiwiri, keke ya tsiku lake lobadwa anaidula amayi kulibe. Ulendo wachitatu, dzino lake linachoka amayi kulibe.

"Chinthu chija chimaba amayi anga," ankatero Nola.

Kenako kunabwera uthenga. Kakowa wakalamba. Kakowa sadzaulukanso. Akamuika m'nyumba yosungira zinthu zakale. Anthu azikangomuona.

Tauni yathu inangoti zii. Anthu ambiri ntchito yawo inali ya Kakowa. Ena ankamukonza. Ena ankamuthira mafuta. Ena ankamusokera zofunda zoteteza kutentha. Tsopano ntchito zonsezo zinatha. Magalimoto onyamula katundu anayamba kubwera. Nyumba iyi, asamuka. Nyumba iyo, asamuka. Wometa tsitsi ankangokhala pakhomo, sizasi m'manja. Tonse tinali ndi chisoni.

Amayi a Nola nawonso anali ndi chisoni. Kale ankaimba potsuka mbale. Tsopano ankatsuka mbale osaimba.

Tsiku lina banja linali pa chakudya. Panali nyemba ndi buledi wa chimanga.

"Loweruka tikamuperekeza Kakowa," anatero Amayi. "Tonse amene tinagwira naye ntchito tiyenda naye. Mabanja nawonso aloledwa."

"Ine sindipita," anatero Nola.

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?"

"Ine ndasangalala. Chinthu chija chipite. Akachitaye kudzala."

Amayi anaika supuni pansi. Anamuyang'ana Nola. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangodzuka n'kupita pakhonde.

Bambo anapukusa mutu. "Iwe Nola, pakamwa pakopo palibe mabuleki?"

"Koma ndanena zoona."

"Zoona zina zimabaya."

Madzi akatayika sawoleka. Nola anamaliza nyemba zake. Koma sizinamukomere.

Masiku otsatira anali oipa. Amayi ankamupesa tsitsi. Amayi ankamuphikira. Amayi ankamutengera kusukulu. Koma sankaseka. Sankamugirigisha. Anali m'nyumba momwemo, koma zinali ngati ali tsidya lina la ngalande.

Nola ankafuna amayi ake abwerere. Koma sankadziwa poyambira.

Loweruka linafika. Kunja kunali mitambo. Amayi anavala zovala zawo zabuluu za paulendo.

"Darla, timutenge mwanayu," anatero Bambo.

"Musiye, Emmett," anatero Amayi. "Fupa lokakamiza limaswa mphika. Atsale ndi aneba."

Nola anamva ali kuseri kwa chitseko. Mtima unamupweteka. Amayi akupitanso. Akupitanso popanda iye. Ulendo uno palibe dokotala amene anamuletsa. Anadziletsa yekha.

Nola anavala nsapato. Analowa m'galimoto. Anakhala kumbuyo, tsinya lili pamphumi.

"Ine ndikungopita kukaona agalu a apolisi," anatero.

"Chabwino," anatero Bambo. "Nanenso ndikupitira agalu omwewo."

Amayi ankangoyang'ana pawindo.

Pamsewu panali anthu ambiri. Panalibe woimba. Panalibe woomba m'manja. Kamvula kankawaza.

Chitseko chachikulu cha nyumba imene Kakowa ankakonzedwera chinatseguka. Kakowa anatuluka. Sanatuluke akuuluka. Anamunyamula pa chigalimoto cha matayala ambirimbiri. Chigalimotocho chinkayenda pang'onopang'ono. Nkhalamba ya ndodo ikanachipitirira.

Amayi anapita kutsogolo, pafupi ndi phiko. Nola ndi Bambo anayenda pambuyo.

Nola anali asanamuonepo Kakowa pafupi. Pa malaya, Kakowa anali woyera mbee. Pa makapu, anali woyera mbee. Koma Kakowa weniweni sanali woyera. Anali wotuwa. Anali ndi zigamba. Anali ndi zipsera.

"Ndiye litsiro lake," anatero Nola. "Bwanji osachisambitsa?"

Pafupi nawo pankayenda Bambo Tuttle. Bambo Tuttle anali ndi imvi mutu wonse. Ntchito yawo inali yomata zigamba pa Kakowa. Anaiyamba ali mnyamata.

"Kumusambitsa?" anatero Bambo Tuttle. "Iwe mwana wa Kaputeni, ukufuna kutifufutira mbiri?"

Analoza ndi chala.

"Ukuchiona chigamba icho? Ndi cha ulendo woyamba. Iwe kunalibe. Amayi ako anali pasukulu. Ine tsitsi linali lakuda, ndipo atsikana ankandicheukira."

"Za tsitsizo ndikuvomereza," anatero bambo a Nola. "Zinazo ayi."

"Khala chete, Emmett. Ndikuphunzitsa mwana."

Bambo Tuttle analozanso.

"Pamsana apo pali zitseko ziwiri. M'menemo ankanyamula zitsulo. Ulendo uno chitsulo. Ulendo wina chitsulo. Anthu analumikiza zitsulozo kumwamba. Zinasanduka nyumba. Mpaka lero anthu akugonamo."

Nola anayang'ana kumbali. Koma makutu anatchera.

"Ulendo wina ananyamula chigalasi choonera nyenyezi. Ulendo wina ananyamula achule ndi akangaude. Atabwera, m'katimo munkanunkha sabata yathunthu. Wokolopa anali ndani? Ine ndemwe."

"Nanga apo?" anafunsa Nola. Anaiwala kuti sakufuna kudziwa.

"Apo panagunda kamwala. Kakang'ono ngati njere ya mpunga. Nthawi imeneyo ankabwera ndi munthu amene anadwala kumwamba. Anamufikitsa bwinobwino. Munthuyo ndi uyo wavala chipewa chofiirayo. Taona mimba yake."

Bambo Tuttle anaseka pang'ono. Kenako kuseka kunatha. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Mvulayi," anatero.

Koma anali atafunda ambulera.

Anthu anapitiriza kuyenda. Chigalimoto chinkalira chapansipansi. Nsapato zinkanyowa. Palibe amene anabwerera.

Nola anali wamfupi. Akuluakulu ankaona mapiko. Nola ankaona kumimba. Kumimba kwa Kakowa kunali kwakuda. Kunali mizere yotuwa. Kunali ngati pansi pa poto wakale.

"Bambo Tuttle, uko kunapsa ndi chiyani?" anafunsa Nola.

"Zimenezo usafunse ine. Ine ndinkangomata. Kafunse amene anali m'katimo."

Nola anayang'ana kutsogolo. Amayi ankayenda okha. Mutu anali ataweramitsa. Nola anachita mantha. Mwina amayi samuyankha. Mwina amuuza kuti abwerere.

Bambo ake anamukankha pang'ono pamsana. Nola anathamanga. Anadutsa pakati pa anthu. Anadutsa wa chipewa chofiira uja. Anafika n'kukoka malaya abuluu.

"Amayi, uko kunapsa ndi chiyani?"

Amayi anayang'ana Nola. Anayang'ana Kakowa.

"Ndi moto," anatero.

"Moto wa kuti?"

"Wa panjira yobwerera kunyumba. Pobwerera timathamanga kwambiri. Mpweya umatentha. Moto umazungulira chombo chonse. Pawindo timangoona kufiira."

"Inu munali m'katimo?"

"Ndinali m'katimo."

"Munapsa?"

Amayi anatambasula manja. Nola anawagwira. Anayang'ana zikhatho. Anayang'ana zala. Anatembenuza manjawo. Panalibe chipsera ngakhale chimodzi.

"Sindinapse," anatero Amayi. "Ankapsa ndi Kakowa."

"Maulendo onse atatu?"

"Onse atatu."

"Simunkaopa?"

"Ndinkaopa. Ndiye ndinkamuuza kuti, 'Limba, mnzanga. Nola akudikira.'"

Nola anayang'ananso kumimba kuja. Chipsera apa. Chipsera apo. Chipsera china apo. Nola ankadziwa amene ankatenga amayi ake. Koma anali asanaganizepo za amene ankawabweza.

Anachita manyazi. Anamva chisoni. Sanasiye dzanja la amayi ake.

Anayenda limodzi mpaka pa nyumba yosungira zinthu zakale. Mbali imodzi ya nyumbayo inali yotsegula. M'katimo munali mdima. Chigalimoto chinaima. Anthu anaima. Azibambo anavula zipewa.

"Amayi," anatero Nola. "Ndinalankhula moipa tsiku lija. Pepani."

"Ndamva, mwana wanga."

"Koma pali china."

"Nena."

"Ndikusangalalabe kuti simudzapitanso. Kodi ndi zoipa?"

Amayi anagwada pamsewu wonyowawo. Nkhope yawo inali pafupi ndi ya Nola.

"Si zoipa," anatero. "Ine ndili ndi chisoni kuti sindidzapitanso. Kodi ndi zoipa?"

Nola anaganiza. Anaganiza kwambiri.

"Si zoipa," anatero.

Amayi anamwetulira. Kunali kumwetulira kwakung'ono. Koma kunali kwenikweni.

Chigalimoto chinayambanso kuyenda. Kakowa anayamba kulowa. Mphuno inalowa. Mapiko analowa. Kunatsala mchira.

Nola anasunthira kutsogolo. Mawu ake anali aang'ono. Koma kunali zii, ndipo tonse tinamva.

"Zikomo, a Kakowa," anatero. "Mupume bwino."

Mchira unalowa.

Pamenepo Amayi analira. Woyendetsa chombo, wodutsa m'moto katatu, analira pamaso pa tauni yonse. Ifenso sitinachitire mwina. Tinalira. Nthawi imeneyi palibe amene ananamizira mvula.

Bambo a Nola anafika. Anavula jekete lawo. Anafunditsa Amayi ndi Nola. Jeketelo linali laling'ono, koma anakwanamo.

Amayi anafuna kupukuta misozi. Anafuna kuimirira. Nola anawakumbatira m'khosi. Anawakumbatira mwamphamvu.

"Lirani, Amayi," anatero Nola. "Ine ndakugwirani."