Mitengo ya Nyumba ya Odokiya

Nyumba ya Odokiya idapsa nyengo yozizira ili pakhomo. Alongo ake awiri, Harasimu ndi Lukiyani, adakwera kumapiri kukagwetsa mitengo, naimanga pamodzi kukhala daraba, chombo chotsetsereka ndi mtsinje wa Cheremoshi. Mtsinjewo udali utaphwa, ndipo damu lakumtunda, lotulutsa madzi onyamula madaraba, linkatsegulidwa komaliza chaka chimenecho. Alongowo akanaphonya madzi amenewo, Odokiya ndi ana ake akanagona m'khola la nkhosa mpaka chipale chofewa chitasungunuka.

Chipata cha damu chitatsegulidwa, mlonda adakuwa: "Dikirani madzi atsogole kaye!"

Koma Harasimu, mkuluyo, kudikira sadabadwe nako. Adamasula chingwe pomwepo.

Liwiro lake! Matanthwe ankangodutsa, thovu likuwamenya kumaso, Lukiyani akuimba kumbuyo nkhafi ili m'manja. Kenako khwee! Daraba lidakhala pamiyala, nkupingasa mtsinje. Adali atawapitirira madzi awo omwe.

"Achimwene, mwapambana mpikisano," adatero Lukiyani. "Mtsinje ukubwera m'mbuyomu, akuti pepani wachedwa."

"Pakamwa pakopo! Tenga mtengo utsike. Madzi akatipeza chopingasa chonchi, nyumba imwazika."

Adalumphira m'madzi ozizira mpaka m'mafupa, nayamba kutembenuza mutu wa daraba. Kumtunda mkokomo unkakula, ndipo pamwamba pa madziwo pankabwera daraba lina, la anthu a m'mudzi wa Zelene, pamalo opapatiza osati nkupatukirana. Harasimu mantha adamugwira zenizeni.

"Kankha, mphwanga, kankha!"

Mutu udawongoka madzi akufika m'chiuno. Daraba lidanyamuka, iwo nkudziponyapo chafufumimba, la ku Zelene likupala kumchira.

"A Harasimu!" adafuula wowongolera wa kumeneko. "Ulendo wina mudzangoinyamula pamutu mitengoyo, mudzafika msanga!"

Abale awiriwo adaseka mpaka nthiti kuwawa, nagawana tchizi cha mkaka wa nkhosa chonyowa.

Ku Usiteriki, kumudzi kwa Odokiya, adapeza mudzi wonse uli pagombe, aliyense nkhwangwa paphewa. Odokiya adalowa m'madzi ndi nsapato zomwe, nakumbatira mtengo woyamba asanawayang'ane nkomwe alongo ake.

"Mwaona, achimwene?" adatero Lukiyani. "Ifetu tangokhala operekeza."

Nkhwangwa zidalira masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi Odokiya adakoleza moto m'nyumba yakeyake, ana nkumalimbirana malo pafupi ndi ng'anjo. Harasimu adati angokhala pang'ono pabenchi, koma tulo tidamuba chipewa chili kumutu, ndipo palibe amene adalimba mtima kumudzutsa.