Phesi la Mkoko

Dzuwa litapendeka, Mayi a Tchipisi anadzola mafuta m'manja kuti utomoni usawamate, n'kukhala pambali pa chiwaya kuyamba kusenda nthochi zaziwisi. Kukacha kunali chikondwerero cha zokolola, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti tchipisi cha nthochi chokukutika bwino chimachokera pakhomo pawo. Mkoko wa chaka chimenecho unali wonenepa modabwitsa. Anabwera nawo ndi amuna awo, bambo wofatsa ngati nkhosa, amene anangoti augula kwa munthu wodutsa.

Koma m'mudzimo zinthu sizinali bwino. Tsiku limene mayiwa anakazinga phava loyamba, telala anagwera pa makina ake akukuwa, thupi lonse litachekekachekeka, kenako n'kutuluka matuza. Atakazinga lachiwiri, zomwezo zinamugwera wapachigayo. Osambitsa maliro ankanong'onezana kuti mitemboyo inkanunkha mafuta okazingira. Mayiwa anamva, anakalira nawo mpaka mawu kusasa, osaganizira kanthu. Ndani angakayikire mpeni wake womwe?

Madzulo amenewo anathothola kanthochi kakang'ono, kotsiriza pa mkoko wonse. Atangokasenda, mwana wawo wamkazi analira m'nyumba. Atakacheka kamodzi, kulirako kunasanduka kukuwa. Anaponya kanthochiko m'beseni n'kuthamangira m'nyumba, mpeni uli kumanja. Mwanayo ankagubuduka pansi, khungu la pamsana litasupuka, pamwendo pali bala lowongoka, magazi ali chuchuchu.

"Wakucheka ndani?"

"Palibe, amayi! Palibe munthu!"

Anayang'ana mpeni uja. Pa utomoni panali magazi. Tsopano anazindikira manja amene anapha telala ndi wapachigayo.

"Mayi a mwana," anaitana bamboyo panja, mawu ali phee. "Mafuta akupserera."

"Mwana akufa kuno!"

"Ndamva. Malizani kaye, katsala kamodzi."

Atatuluka anapeza bamboyo atatola kanthochi kosendedwa kaja, akupita nako ku chiwaya. Anamulumphira, n'kumuluma dzanja mpaka mano kugunda fupa. Kanthochiko katagwa anakatola msanga n'kukabisa pachifuwa. Bamboyo anawamenya ndi chikuni kumaso, nawagwetsa chagada pafupi ndi moto, n'kuwakanyanga pakhosi.

"Afiti anzanga anapereka ana awo," anatero akupumira m'mwamba. "Mawa nawonso ali ndi phwando. Ndikawauza chiyani ine?"

M'maso mwa mayiwa munayamba kuchita mdima. Dzanja lawo likupapasa pansi linakhudza phesi la mkoko, lopanda nthochi ngakhale imodzi. Linali lofunda, ndipo linkagunda ngati mtsempha wa munthu. Nthochi zonse zimayamwa ku phesi, ndipo ngati nthochizo zinali anthu, phesilo linali mwini wake wa ntchitoyi. Ndi mphamvu zimene zinawatsalira analikankhira m'mafuta. Chwee!

Bamboyo anawasiya. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kuchigayo, agalu n'kuyamba kuuwa mudzi wonse. Khungu lake linatupa matuza, matuzawo n'kumaphulika, fungo la tsitsi lopsa lili ponseponse. Anthu oyandikana nawo anathamangira pakhomopo, koma ataona zimene zinkachitika anangoima pa mpanda, pakamwa pali yasa.

M'nyumba mwana ankaitanabe amayi ake, ndi mawu ofooka koma amoyo.

"Livuuleni, akazi anga!" analira bamboyo akukwawa m'phulusa. "Chonde, livuuleni!"

Mayi a Tchipisi anadzuka, analavula magazi, natola chikuni chija n'kusonkhezera moto.