Bokosi Lokana Thwelofu

Linali Lachinayi wamba. Ndinatsika basi pa msika wa Soweto ku Lusaka, ndinagula chimanga chootcha, n'kuyenda wapansi kupita ku fakitale ya sopo kumene ndinkagwira ntchito usiku. Sukulu ine ndinalekera giredi seveni, sindibisa. Koma nambala ndimazidziwa. Naini ndi naini, thwelofu ndi thwelofu.

Ntchito yanga inali kuyeza madzi oipa a m'dzenje la kuseri asanatuluke kupita mu ngalande. Umaviika kapepala, kamasintha mtundu, umawerenga nambala. Naini kutsika m'munsi, madzi ali bwino. Thwelofu, madzi odya khungu.

Eni atsopano atagula fakitale anafuna satifiketi yoti sitiwononga chilengedwe. Anaitana mtsikana wa ku Woodlands, Barbara, kuti atipangire fomu ya pakompyuta. Mizere ndi timabokosi: tsiku, ola, nambala. Anati waipanga yosavuta. "Ngakhale inu mukwanitsa, ba Ng'andu." Ngakhale ine! Mawu amenewo adakandikhalabe pakhosi. Nambala ikakhala yabwino, bokosi limabiriwira. Ndipo poopa kuti zala zathu zosaphunzirazi zingalakwitse, analimanga kuti lizikana nambala yoposa naini.

Usiku woyamba madzi anawerenga thwelofu. Ndinalemba. Bokosi linalira kuti ting'i, n'kukana. M'mawa ndinauza manijala, ba Chisanga a ku Kabulonga, kwa olemera. Sanadzutse n'komwe mutu. Anati ndizilemba chimene kompyuta ikuvomera, chifukwa kompyuta ili ndi nzeru kuposa ine. Ndiye ndinalemba naini. Miyezi isanu ndi iwiri, naini. Fomu yonse inabiriwira ngati kapinga wa kunyumba kwawo.

Kenako dzenje linatseka. Masana, ine ndili m'tulo kwathu ku Kabwata, anatuma Mukuka kuti alowemo akachotse zinyalala. Mukuka anali waganyu wochokera ku Luapula, munthu wanthabwala, tinkagawana fodya pageti. Akuti anafunsa ngati madziwo saotcha. Anamuonetsa pepala la manambala anga. Majombo sanamupatse, ati majombo ndi a olembedwa ntchito. Anamwalira kuchipatala patapita masiku anayi. Pa fomu panali bokosi la ngozi, koma linkafuna kuti usankhe dzina pamndandanda, ndipo aganyu sali pamndandanda. Ngozi: ziro.

Tsono Lachinayi limenelo ndinapeza mulu wa mapepala patebulo, fomu yonse atasindikiza. Oyendera fakitale ankabwera Lachisanu. Ba Chisanga anati ndisaine pansi pa tsamba lililonse kuti ine ndi amene ndinayeza, ndipo zonse ndi zoona. Ndikakana, ndisiye ovolosi pageti. Iwo dzina lawo silinali paliponse. Ndili ndi ana anayi. Ndinakhala pansi, cholembera m'manja.

Cha m'ma leveni magetsi anazima. Makina onse zii. Ndinayatsa kandulo.

Wina anagogoda.

Osati pamwamba pamene munthu amagogoda. M'munsi, pofika bondo. Ndipo sikunali kugogoda kouma. Kunali ngati kumenya chitseko ndi nsanza yonyowa. Ndinafunsa kuti ndani. Ndinaganiza kuti ndi alonda akusewera, ndinawatukwana. Kenako fungo linalowa. Fungo la soda, la kudzenje, lija loyabwa m'mphuno. Pansi pa chitseko panayamba kulowa madzi oyera, oterera. Pamene ankadutsa, penti wa pansi ankatukusira.

Chitseko sichinatseguke. Koma kompyuta inayaka.

Magetsi kulibe, Lusaka yense mdima, iyo ngwee. Fomu ija inatseguka yokha. Ndinaona mabatani awiri akulowa pansi popanda chala: wani, thu. Ting'i. Bokosi linakana. Wani, thu. Ting'i. Mabataniwo ananyowa. Wani, thu, wani, thu, mofulumira, mwaukali, mpaka tebulo linayamba kugwedezeka. Ukali umenewo ndinkaudziwa. Unali wanga womwe wa usiku woyamba uja.

Kenako kunangoti zii. Kuseri kwa khutu langa, pafupi kwambiri, munthu anapuma.

"Ba Ng'andu. Madzi ali shani? Ali bwanji?"

Sindinacheuke. Ndikanacheuka bwenzi sindikulemba izi. Kwa miyezi isanu ndi iwiri yankho linali limodzi, ndipo linafika palilime lokha. Ndinalimeza.

"Thwelofu, Mukuka," ndinatero. "Anali thwelofu kuyambira kale."

Wani, thu. Bokosi silinalire. Linavomera, n'kufiira. La pamwamba pake linafiiranso. Kufiira kunakwera mzere ndi mzere, sabata ndi sabata, mpaka tsiku loyamba. Mu bokosi la ngozi ziro anachoka, panabwera wani. Kandulo inazima.

Ndinakhala pampando mpaka kunja kutayera. Nditatuluka ndinaona mapazi oyera pasimenti, opanda zala, akupita kugeti. Pambali pake panali mapazi ena obwerera, awiriawiri, ngati wina akukoka mnzake.

Ndinawatsata mpaka kudzenje. Ba Chisanga anali ataimirira m'madzi ofika m'maondo, atavala zogonera, opanda nsapato. Maso ali tong'o. Ankaviika kapepala, kukayang'ana, n'kunena chapansipansi kuti naini, naini, naini. Ndinaima kanthawi ndikuwayang'ana, sindinama. Kenako ndinaitana alonda, tinawakoka ndi chingwe. Galimoto yawo inali ku Kabulonga. Mlonda wa kunyumba kwawo analumbira kuti geti silinatsegulidwe usiku wonse. Kuchokera ku Kabulonga kufika kuseri kwa Soweto, wapansi, usiku, munthu amene sayenda ngakhale kukagula buledi.

Oyendera anapeza mapepala osasaina ndi kompyuta yofiira. Sabata yomweyo eni fakitale anandichotsa ntchito, ati ndinasokoneza fomu. Ine! Wa giredi seveni, amene anachita kumumangira bokosi kuti asalakwitse, lero ndasanduka katswiri. Anaitana Barbara kuti adzakonze. Akuti anafufuta mzere wa tsiku la Mukuka katatu, katatu konse unabwerera. Anatenga chikwama chake osatsazika.

Ba Chisanga miyendo inapola, koma sayankhula china kupatula nambala ija. Azimayi ogulitsa tomato pa Soweto amanong'onezana kuti Mukuka anamukana pamndandanda, ndiye anapanga wake, ndipo akuutsata dzina ndi dzina. Ndikamadutsa amasiya kuyankhula.

Ndimafuna kuwakalipira kuti ine ndinanena zoona. Koma ndinazinena kamodzi, ndipo naini ndinamulemba kuposa mazana awiri. Sabata yatha penti wa chitseko chathu ku Kabwata wayamba kutukusira, m'munsi, pofika bondo. Mkazi wanga Virginia akuti ndi chinyontho.

Uno ndi Okotobala. Mvula sinagwe chiyambire Epulo.