Chikhadabo cha Hanifa

Hanifa anakulira pakhomo laulemu ku Chileka. Akamapita ku mpira wa manja, mayi ake, a Sikina, ankamuuza kuti, "Ukagwetsa mnzako um'dzutse. Mawa ukumana naye pachigayo."

Timu ya pasukulu pawo inkaopa mtsikana mmodzi wa ku Lirangwe, Leah, wamtali, wosaphonya pagolo. Komatu Leah sanali mlendo. Mayi ake, a Eunice, ndi amene anayamwitsa Hanifa nthawi imene a Sikina anagona m'chipatala. Zoterezi banja siliiwala.

Tsiku lina Mildred, kaputeni wa timu, anamukokera Hanifa pambali.

"Iwe Hani, ukumunyengerera chiyani Leah? Sunga chikhadabo chimodzi. Ukangomukanda kamodzi, basi, aziopa kudumpha."

"Nanga si oyimbira mpira amayendera zala tisanalowe?"

"Umatepo pulasitala. Uwauze wadzicheka posenda mbatata. Kupusa bwanji!"

A Sikina anachiona chikhadabocho mwanayo akutsuka mbale.

"Chimenecho n'cha ntchito yanji? Wenga."

"Ndiwenga mawa, mama."

Sanawenge.

Mpikisano unachitikira ku Lirangwe. Oyimbira mpira anayendera zala za onse. Ataona pulasitala anati, "Pepa mwanawe," n'kumulola kulowa. Mpira utangoyamba, Hanifa anamatula pulasitala ija ndi mano. Leah atadumphira mpira, Hanifa anaponya dzanja. Ankafuna tsaya, koma chikhadabo chinalowa m'diso.

Kukuwa kwa Leah kunaimitsa bwalo lonse. Anathamanga naye pa minibasi kupita kuchipatala m'tauni. Diso silinapulumuke.

Hanifa anachotsedwa mu timu. Mildred atafunsidwa za malangizo ake aja, anangoti, "Aaa, ine ndimangocheza."

A Sikina sanamukalipire mwanayo. Anangomutenga mpaka ku Lirangwe, n'kugwada naye pakhonde pa a Eunice. A Eunice anawayalira mphasa, koma sanayankhe moni. Kenako Leah anatuluka, nsalu yoyera ili kumaso. Anatembenuza mutu wonse kuti amuone Hanifa ndi diso lotsalalo.

"Hani," anatero motsitsa mawu, "ukanangondiuza kuti ukufunitsitsa kuwina, ndikanaphonya dala."

Hanifa anayamba kulira. Analira mpaka Leah yemweyo ndi amene anam'gwira paphewa.

Ana inu, amene mukulimbana naye pabwalo ndi mwana wa munthu, osati mdani. Mnzanu akakuuzani kuti mupweteke wina kuti mupambane, mukaneni pomwepo. Mpira udzaseweredwanso chaka chamawa, koma Leah adzakalamba ndi diso limodzi.