Tsiku Limene Angoni Anabwera Kudzadandaula

M'masiku a Mfumu Nthondolo, amene linga lake linali m'tsinde mwa phiri la Chimwangalala, anthu ankalima khutu lili kunjira, chifukwa Angoni ankafika osaitanidwa.

M'lingamo munali nkhalamba ina, Gwirize, mwini mbuzi makumi atatu. Mwa mwambo wathu chuma cha munthu chimagwera mwana wa mlongo wake, ndiye wodikira mbuzizo anali Kamtedza. Anadikiratu munthuyo. Gwirize mano anatha, koma mwiniwake osatha. Chaka cha nthomba mudzi wonse unagona, nkhalambayo inangonenepa.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Kamtedza anakuwa kuti, "Angoni! Angoni!" Anthu onse liwiro la kuphiri, ena kuiwala ndi ana omwe. Potsika anapeza Gwirize ali kwala kuseri kwa khola, atatemedwa ndi nkhwangwa kunkhongo. Mbuzi zonse zinali m'kholamo, chitseko chomanga bwinobwino ndi luzi. Pamaliro Kamtedza analira kuposa namfedwa.

Mbiriyo inafika kwa Angoni eni ake. Lisanakwane tsiku logawa chuma, pabwalo panatulukira mthenga wawo, Magwagwa, nthenga kumutu, chishango m'manja, nkhope ili gwa.

"Mfumu, ndatumidwa kudzadandaula," anatero Magwagwa. "Dziko lonse likutiseka. Akuti tinapha munthu n'kusiya mbuzi. Ife kusiya mbuzi? Akutinso tinatseka khola. Chibadwire changa sindinaonepo Mngoni akutseka khola la mwini. Akazi athu akutifunsa ngati tayamba ubusa. Tipatseni wotinamizirayo, apo ayi tibwera tidzakuonetseni m'mene timachitira."

Akuluakulu anayang'anizana. Mfumu inafunsa kuti anawaona Angoniwo ndani, maso onse n'kugwera kwa Kamtedza.

"Ndinawaona ndithu, mfumu. Analipo ambiri, mwina anakhuta."

"Nanga chitseko anamanga ndani?" inafunsa mfumu mofatsa.

"Iwo omwewo."

Magwagwa anaseka mpaka nthenga kugwedera. "Wamanga mfundo ija ndi chitsiru. Ndaiona pobwera. Ndi mfundo ya munthu wamanja aulesi, mwana woyamwa angaimasule."

Apa Kamtedza magazi anamukwera. "Aulesi ndani? Ndinakulunga katatu luzi lija! Mumafuna afisi andidyere mbuzi zanga pamene anthu ali kuphi..."

Anayesa kuwameza mawuwo, koma anali atatuluka kale.

Tsono munthuyo manyazi analibe. Anagwada n'kuwomba m'manja. "Chabwino, eni dziko, ndalakwa. Ndilipira mlandu ndi mbuzi zisanu. Zotsalazo ndi zanga ndithu, poti atsibweni amwalira ndipo mwana wa mlongo wawo ndine. Mwambo sunena kuti afe imfa yanji."

Zoonadi mwambo sunkanena. Nduna yaikulu, Chakhaza, inakanda m'mutu. "Mnyamatayu pamwambo walasa, mfumu. Makolo sanatisiyire mawu ena."

Mfumu Nthondolo sinatsutse. Inangoti, "Mwayankhula bwino, a Chakhaza. Kodi wakhala kumbuyo kwanuyo si mwana wa mlongo wanu? Ndikuona akumvetsera mwachidwi. Ng'ombe zanu zija zilipo zingati tsopano?"

Chakhaza anacheuka. Akuluakulu onse anacheukanso, aliyense kupeza wake ali tcheru. Amati chiyambire bwalo lija mlandu sunathepo msanga ngati umenewu.

"Ndinalakwitsa kukumbukira!" anakuwa Chakhaza. "Wopha mnzake asalandire kanthu! Ngakhale chikopa, ngakhale ndowe za m'khola!"

"Ngakhale fungo!" inavomera nkhalamba ina, ikusendeza mpando wake kufupi ndi mfumu.

Mbuzizo zinapita kwa Nangondo, mlongo wamng'ono wa malemu. Kamtedza anam'pereka kwa Magwagwa kuti akatsuke dzina la Angoni, ndipo kumeneko anakalamba akuweta mbuzi za eni, osalawako ngakhale chiboda.

Lamulo limenelo lilipobe kwathu, kuti dzanja limene lapha silitola za wophedwayo. Ine nkhaniyi anandiuza ndi atsibweni anga chaka chimene anagula ng'ombe zawo zoyamba. Anandiuza kawiri, kenaka anati ndibwereze ndekha kuti amve ngati ndaigwira.