Winayo pa Okushoni

Mnyamata wina anabwera mu Januwale kudzafupikitsa thalauza, ndipo kuyambira pamenepo phazi silinathe pa shopu ya telala amene makasitomala ankamutcha Nasingano. Mnyamatayo ankakonza makompyuta khomo loyandikana nalo, n'chifukwa chake aliyense ankangomuti Wamawaya.

"Mwafupikitsa thalauza, mwafupikitsanso tulo tanga," analemba choncho pa foni. Nasingano anaseka yekha. Anali asanasekepo chotero chithawireni bambo a mwana wake, mwamuna wa nkhonya amene mpaka pano sankadziwa kumene mkaziyo anasamukira.

Shopuyo inali ndi dzina lake pa intaneti, lija amati domeni, lolipira chaka ndi chaka ngati lendi. Imelo yake inali pa dzina lomwelo. Makalata a kusukulu ya mwana, a loya ndi a eni nyumba ankafikira pamenepo. Lendiyo inkatha pa 9 Malichi.

"Duwa langa, manja akowa ndi a nsalu. Za mawaya ndisiyire ine," anatero Wamawaya.

Tsikulo litadutsa, imelo inangoti zii. Wamawaya anati akuisamutsira pa makina atsopano, ndipo Epulo yense anatha akunena zomwezo. Mu Meyi, aphunzitsi a mwana atadandaula kuti makalata awo akubwerera, Nasingano anaimbira yekha kampani yogulitsa mayinawo.

Mayi amene anayankha anafotokoza mosathamanga. Dzinalo silinalipiridwe. Masabata olipira mochedwa anadutsa, masabata oliwombola ndi chindapusa anadutsanso. Tsopano linali pafupi kutayidwa kuti aliyense alitole. Njira inatsala imodzi: kulembetsa pamzere ku kampani ina imene imawakha mayina akangogwa. Ukakhala wekha pamzerepo, dzina ndi lako. Mukakhala awiri, limapita pa okushoni ya masiku atatu, wokweza mtengo n'kulitenga.

"Nanga akalitenga wina?"

"Ndiye kuti imelo iliyonse yolembera inu izifikira kwa iyeyo, mayi."

Wamawaya anagwada pakati pa zidutswa za nsalu, nalira kuti anaiwala. Nasingano anamukhululukira, n'kulembetsa pamzere. Dzina litagwa, uthenga unabwera: pamzere panali anthu awiri. Winayo sankaoneka dzina, nambala yokha.

Kodi ndani angalimbirane dzina la kashopu ka makina awiri? Wamawaya ndiye anayankha, motsitsa mawu, kuti sangakhale wina koma bambo a mwana. Kalata imodzi yokha ya kusukulu ingawauze geti loti akadikirepo. Anamulangiza kuti aisiye okushoniyo, alongedze, iye ndi mwana akakhale kwake.

Kuyambira tsiku limenelo Nasingano ankamuperekeza mwana podzera njira zakuseri. Galimoto ikaima panja, ankasuzumira pa zenera. Koma okushoni sanaisiye.

Okushoniyo inkatha Lachisanu masana. Nasingano anakhoma chitseko cha shopu, nakhala pa kompyuta. Wamawaya anakhala pa mpando kumbuyo kwake, foni m'manja, akuti akufunsa nzeru kwa anzake. Lamulo linali lakuti wina akakweza mtengo chakumapeto, wotchi imawonjezera mphindi zina.

Nasingano anakweza. Kumbuyo foni inanjenjemera. Posakhalitsa winayo anakweza.

Nasingano anakwezanso. Foni inanjenjemeranso.

Apo anadzutsa maso. Pakhoma panali galasi lalitali limene akwati amadziyang'anira poyesa madiresi. M'galasimo anaona chala cha Wamawaya chikudina, pa tsamba lomwe lija, pa wotchi yomwe ija. Nthawi yomweyo mtengo unakwera pa kompyuta yake.

Sanakuwe. Anaimirira, natenga mpukutu wa nsalu yolemera ya makatani.

"Wapamtima, tandigwirira iyi, ikugwera pansi. Manja onse awiri."

Wamawaya anaika foni pa mpando, nalandira nsalu. Nasingano anatola foniyo, naiponya m'dirowa ya makina, n'kukiya. Kenako anakweza mtengo komaliza, naimirira chotsamira dirowayo, sizasi yaikulu ili m'manja.

"Ukuchita chiyani, duwa langa?"

"Ndikudikira bambo a mwana wanga akweze."

Palibe anakweza. Wotchi inatsika mpaka kutha, ndipo kompyuta inalemba kuti dzina labwerera kwa mwini wake.

Wamawaya sanakane. Anati anachita dala kusalipira, ndipo analembetsa pamzere mu Epulo. Sankafuna kumupweteka ayi, ankangofuna kuti makalata azidzera kwa iye, aziona amene amamulembera. Loya uja, mwachitsanzo, ankalemba pafupipafupi bwanji? Anazinena modekha, nsalu ikadali m'manja, ngati munthu amene akuyembekezera kuthokozedwa.

"Ndi chikondi chimenechi, Nasingano. Mkazi wanga sindingamusiye osamuyang'anira."

Mawu amenewo Nasingano anali atawamvapo kale, m'nyumba ina, pakamwa pena.

Anatsekula chitseko osasiya sizasi. Mnyamatayo atatuluka, anakhomanso, n'kumupatsira foni yake pa zenera. Wamawaya sanachoke msanga. Anaima panja, akumwetulira pang'ono.

Nasingano anaimbira mng'ono wake.

"Kamutenge mwana kusukulu pompano, asanaweruke. Usapite naye kunyumba kwanga."

"Bwanji, achemwali? Alamu aja akupezani?"

"Ayi. Aja sadziwa kumene ndimakhala. Uyu amadziwa."